Chikepe cha nsanjika zinayi: mmene ndimasakira vuto mu ladder logic

Mwana wa mchemwali wanga anatulukira kunyumba Loweruka madzulo, laputopu ili kukhwapa, nkhope ili yakugwa. Kusukulu kwawo anawapatsa ntchito yolemba pulogalamu ya PLC (kakompyuta kolamulira makina) m'chilankhulo cha ladder logic, yoyendetsa chikepe cha nyumba ya nsanjika zinayi, ndipo yake inali itamusowetsa tulo kwa sabata ziwiri. Ukadina batani la nsanjika yachitatu, chikepe chinkatseka chitseko n'kunyamuka bwinobwino, koma pofika pamalopo chinkangodutsa ngati minibasi yodzaza kale, mpaka kukagunda kumwamba. "Amalume, ma rung onse ndawawerenga kasanu konse, palibe cholakwika," anatero akutsegula laputopu patebulo.

Ndinamukhulupirira. Ma rung ake, kutanthauza mizere ya pulogalamu ya ladder, ukamawawerenga limodzilimodzi, analidi abwino. Vuto linali loti iye ankawerenga pulogalamu ngati chithunzi cha mawaya, pomwe PLC imaiwerenga ngati munthu wopalira mizere ya m'munda: mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka kumapeto, kenako kubwerera koyamba. Ine ndagwira ntchito ya mapanelo a magetsi kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndimaphunzitsa aliyense wobwera ndi pulogalamu yosokonekera ndi funso limodzi lokha lofunsa bit iliyonse (kamalo ka mu PLC kosunga 1 kapena 0): wakuyatsa ndani, wakuzimitsa ndani, ndipo pa scan iti, kutanthauza pa ulendo uti wa kuwerengaku? Zonse zimene ndilembe pansipa zikuchokera pa funso limeneli.

Tiyambe ndi chida. Simufunika PLC yeniyeni kuti muphunzire izi. Mnyamatayu ankagwiritsa ntchito LogixPro, pulogalamu ya pakompyuta imene imatsanzira RSLogix 500 ya Allen-Bradley, ndipo ili ndi chikepe cha nsanjika zinayi chojambulidwa kale, mabatani ndi mababu ake onse. Ngati mulibe imeneyo, CODESYS ndi yaulere ndipo ili ndi Simulation pansi pa Online. OpenPLC nayo ndi yaulere. Amene muli pa TIA Portal ya Siemens muli ndi PLCSIM. Mayina a malangizo amene ndigwiritse ntchito ndi a RSLogix 500, monga XIC (yofunsa ngati bit ili 1), XIO (yofunsa ngati ili 0), OTE (yoyatsa kapena kuzimitsa bit kutsatira rung lake), OTL (yokhoma bit kuti ikhalebe yoyaka) ndi OTU (yoikhomola). Kwa Siemens kapena CODESYS, OTL ndi Set, OTU ndi Reset, OTE ndi koyilo wamba. Ladder ndi chimodzi mwa zilankhulo za muyezo wa IEC 61131-3, umene unatuluka koyamba mu 1993, choncho nzeru yake ndi imodzimodzi ngakhale zilembo zisiyane.

Ladder inapangidwa kuti izioneka ngati chithunzi cha ma relay, maswichi oyendetsedwa ndi magetsi, chifukwa PLC zoyamba, monga Modicon 084 ya gulu la Dick Morley chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, zinabwera kudzalowa m'malo mwa makabati odzaza ma relay m'mafakitale a galimoto a General Motors, ndipo amagetsi anafunika kuziwerenga popanda kubwereranso kusukulu. Ubwino wake ndi umenewo, msampha wakenso ndi womwewo. M'kabati ya ma relay magetsi amayenda m'mawaya onse nthawi imodzi. Mu PLC ayi. Imayamba yawerenga ma input onse, monga mabatani ndi masensa, n'kuwasunga, kenako imadutsa ma rung kuyambira pamwamba kutsika, lililonse kuchokera kumanzere kupita kumanja, ikamaliza ndiye imatumiza zotsatira ku ma output, monga mota ndi mababu. Ulendo umodzi umenewu ndiwo scan, ndipo pa PLC yaing'ono umatenga mamilisekondi ochepa chabe. Tanthauzo lake ndi loti bit ikhoza kuyaka pa rung 5 n'kuzima pa rung 40 m'kati mwa scan imodzi, contactor (swichi yaikulu yoyatsa mota) kunja osamva kanthu, inunso pa sikirini osaona kanthu.

Musanakhudze kiyibodi, tengani kope

Ndinamuuza mnyamatayu kuti atseke kaye laputopu, ndinang'amba pepala pakati pa kope. Chikepe, ngakhale chikhale cha nsanjika makumi awiri, chimakhala pa chimodzi mwa zinthu zinayi: chikudikira, chikutseka chitseko, chikuyenda, kapena chaima ndipo chikutsegula. Tinalemba zinayizi motsika pansi, n'kupatsa chilichonse nambala: 0, 10, 20, 30. Ndimadumpha khumikhumi dala kuti mawa ndikafuna kuikapo gawo lina, monga kuchepetsa liwiro chisanaime, ndikhale ndi malo pa 25. Nambala imeneyi imakhala mu N7:1, amodzi mwa malo osungira manambala mu PLC, ndipo ine ndimaitcha GAWO. Pambali pa gawo lililonse tinalemba zinthu ziwiri: chimene chiyenera kuchitika kuti tilowemo, ndi chimene chiyenera kuchitika kuti titulukemo. Kuchoka pa 10 kupita pa 20, chitseko chiyenera kukhala chitatsekeka ndipo swichi yake yavomera. Kuchoka pa 20 kupita pa 30, tiyenera kukhala tafika pa nsanjika imene ili ndi pempho.

Phindu la nambala imodziyi mudzaliona tsiku limene chikepe chidzangoti zii osasuntha. Simudzayamba kusanthula ma rung makumi asanu. Mudzayang'ana N7:1, mudzaona 10, mudzadziwa kuti chikudikira chitseko, n'kupita molunjika ku rung limodzi lotulutsa mu gawo 10. Pulogalamu ya mnyamatayu inalibe zimenezi. Inali ndi ma bit khumi ndi awiri a B3 (fayilo yosungira ma bit) opanda mayina, ena okhomedwa ndi OTL malo awiri osiyana. Ntchito yathu yoyamba inali kungowapatsa mayina: PEMPHO_1 mpaka PEMPHO_4, KUKWERA, KUTSIKA, ndi N7:0 imene tinaitcha PANO, yosunga nsanjika imene chikepe chili. Zinatitengera theka la ola, ndipo m'theka la olalo iye mwini anapeza ma bit atatu amene sankagwira ntchito iliyonse.

Chifukwa chake chinkadutsa

Malo a chikepe pulogalamu yake inkawadziwa ndi encoder, kachipangizo kowerengera pamene mota ikuzungulira. Tiyerekeze kuti nsanjika yachitatu ili pa 200. Iye analemba EQU: nambala ya encoder ikafanana ndi 200, imani. Pachithunzi palibe chokayikitsa. Koma ndinamuuza kuti atsegule tebulo la data, achepetse liwiro la simulation, aziyang'ana nambalayo chikepe chikamayandikira. Chikuyenda pang'onopang'ono chinaima bwino. Atabwezera liwiro, nambala inachoka pa 198 kupita pa 203. PLC inayang'ana pa scan ina n'kupeza 198, itabweranso inapeza 203. Nambala 200 inadutsa PLC ili kwina. EQU sinakhalepo yoona ngakhale kamodzi.

Izi si za mu simulator mokha. Chikepe choyenda mita imodzi pa sekondi, pa PLC imene scan yake ndi mamilisekondi 10, chimasuntha sentimita imodzi pakati pa scan ndi inzake. Ngati encoder ikuwerenga kamodzi pa milimita iliyonse, ndiye kuti nambala ikulumpha khumikhumi. Kuyembekezera kuti igwere ndendende pa nambala yanu kuli ngati kutchera mbewa ndi dzenje la singano.

Mnyamatayu anafulumira kunena kuti tiike GEQ, kutanthauza kuti ikafika kapena kupitirira 200. Ndinamulola ayese, chifukwa ndinkafuna aone yekha chotsatira. Pokwera kupita pa 3 zinatheka. Kenako ndinadina batani la nsanjika yachiwiri chikepe chili pakati pa yachitatu ndi yachinayi, chikukwera. Chinaima pomwepo, pakati pa makoma, n'kutsegula chitseko. Chifukwa chake n'chosavuta: encoder inali itapitirira kale nambala ya nsanjika yachiwiri, choncho GEQ ya kumeneko inali yoona, pempho linalipo, rung linavomera. Mankhwala ake ndi LIM, imene imafunsa ngati nambala ili pakati pa malire awiri. Tinaika 195 ndi 205. Lamulo la zenera limeneli ndi loti likhale lotakata kuposa kulumpha kwa scan imodzi pa liwiro lalikulu kwambiri, koma lisafike pokhudzana ndi zenera la nsanjika ina. Zenera likakhala loona, MOV, langizo lokopera nambala, imalemba 3 mu PANO, ndipo kuima kumadalira zinthu ziwiri pamodzi: tili m'zenera, komanso nsanjika imeneyi ili ndi pempho.

Ngati chikepe chanu chikugwiritsa ntchito masensa a pa nsanjika m'malo mwa encoder, funso ndi lomwelo, lingosintha chovala: kachitsulo kodutsa pa sensa n'kotalika bwanji, ndipo kamakhala pamaso pa sensa kwa ma scan angati? Ka masentimita 5 pa liwiro lija kamaoneka kwa mamilisekondi 50 okha, ndipo fyuluta ya input imadyako ena.

Koyilo imodzi, malo awiri

Vuto lachiwiri ndi limene ndakumana nalo kwambiri m'mapulogalamu a ophunzira, ndipo ndimalipezanso m'mapanelo a anthu akuluakulu. Titakonza zoima, chikepe chinayamba kukana kukwera kuchokera pansi kupita pa nsanjika yachiwiri, koma ku yachinayi chinkapita. Pa sikirini rung loyendetsa mota linali lobiriwira kuyambira kumanzere mpaka pafupi ndi koyilo, mota ili duu.

Apa musataye nthawi kuyang'anitsitsa rung limenelo. Dinani adiresi ya koyiloyo, mutsegule Cross Reference, muone malo onse amene yalembedwa. Yake inapezeka kawiri: OTE ya O:2/0, output ya motayo, pa rung la nsanjika yachiwiri, ndi OTE ina ya O:2/0 yomweyo pansi, pa rung la nsanjika yachinayi. Rung lam'mwamba linkalemba 1, lam'munsi n'kufufuta kulemba 0, ndipo popeza ma output amatumizidwa scan ikatha, lomaliza ndi limene limamveka. OTE simangoyatsa ayi. Rung lake likakhala labodza imalemba 0 pa scan iliyonse, mosatopa. Choncho output iliyonse ikhale ndi OTE imodzi basi m'pulogalamu yonse. Zifukwa zonse zokwerera muziike m'nthambi za rung limodzilo, kapena zipite ku ma bit a B3 amene akakumane pa rung limodzi lakumapeto. Ine ma output onse ndimawaika m'malo amodzi, pansi penipeni pa pulogalamu, kuti wobwera pambuyo panga asasake.

Pali m'bale wake wa vuto limeneli amene amabisala mu ma subroutine, timagawo ta pulogalamu tolembedwa m'mafayilo apadera. Mu RSLogix 500 fayilo yaikulu ndi LAD 2, ndipo ma subroutine wamba amayenda pokhapokha langizo la JSR litawaitana. Mukaiwala JSR, ma rung a m'menemo amaoneka abwinobwino, ma contact ake amabiriwira ndithu chifukwa sikirini imangoonetsa mmene ma bit alili, koma palibe chikuwerengedwa. Choopsa kwambiri ndi ichi: mukaika OTE ya mota m'kati mwa subroutine imene imaitanidwa pa gawo 20 pokha, tsiku limene GAWO idzasinthe kupita pa 30 subroutine idzasiya kuwerengedwa, ndipo koyilo idzatsala mmene inalili, yoyaka. Palibe wodzaizimitsa. Chikepe chidzatsegula chitseko mota ikukoka. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti rung la mota liziwerengedwa pa scan iliyonse, popanda chifukwa chilichonse choliphimba.

Kunena za kubiriwira, pali chinthu chimene chimapusitsa oyamba kumene. Mtundu wobiriwira sukutanthauza kuti swichi yadinidwa; ukutanthauza kuti langizolo n'loona. XIO imabiriwira bit yake ikakhala 0. Ndiye taganizirani swichi ya malire a kumwamba, imene pa waya imamangidwa yotseka kale kuti waya ukaduka chikepe chiime. Nthawi zonse input yake imakhala 1, ndipo imagwa kukhala 0 chikepe chikaigunda. Pa rung la mota imafunika XIC, osati XIO, ngakhale kuti pa chithunzi cha mawaya yajambulidwa ndi kamzere kopingasa. Mnyamatayu anandiyang'ana kanthawi ndisanamalize kufotokoza, kenako anapita yekha kukasintha malo awiri.

Mapempho, ndi chikepe chosadziwa kolowera

Munthu amadina batani kwa kanthawi kochepa n'kulisiya, choncho pempho liyenera kusungidwa. XIC ya batani, OTL ya PEMPHO_3, ndipo babu la batani limayaka kutsatira PEMPHO_3. Lofufuta ndi OTU, pamene chikepe chaima pa nsanjikayo ndipo chitseko chatseguka. Apa funso lathu lija limagwira ntchito bwino: woyatsa ndi rung limodzi, wozimitsa ndi rung limodzi, Cross Reference ionetse awiri okha.

Koma yesani ichi, chimene ophunzira ambiri sayesa: chikepe chili pa 3, chitseko chili chotseka, dinani batani la 3 lomwelo. M'pulogalamu yake palibe chinachitika, ngakhale babu silinaphethire. Iye anafufuta pempho pongoona kuti PANO ndi 3, osadikira chitseko. Pempho linkabadwa pa rung lina n'kufa pa rung lotsatira, m'scan yomweyo, rung losankha chochita lisanalione. Munthu wonyamula katundu akanaima pakhomo la chikepe chimene chili pamphuno pake mpaka kutopa. Tinasuntha OTU kuti izidikira swichi yoti chitseko chatsegukadi, ndipo pa gawo 0 tinawonjezera njira yachidule: ngati pempho lili pa nsanjika imene tili, lumphani molunjika kupita pa 30.

Kusankha kolowera ndi kumene kumafuna kudekha. Ikani chikepe pa 2, mudine 4 ndi 1 motsatizana mwachangu. Pulogalamu yosaganiziridwa bwino imachita chimodzi mwa ziwiri. Ina imaima chilili, chifukwa KUKWERA yatsekereza KUTSIKA ndipo KUTSIKA yatsekereza KUKWERA. Ina imanjenjemera, scan iyi m'mwamba, scan inayo pansi. Mu simulator ndi mababu ophethira chabe, koma pa panelo ndi ma contactor awiri akulira ngati makina osokera mpaka kupsa. Njira imene zikepe zenizeni zimatsata ndi yoti chikepe chisasinthe maganizo panjira: chikayamba kukwera chipitirize kukwera malinga ngati kutsogolo kuli pempho, chikaona kuti kutsogolo kwatha ndiye chitembenuke.

Kuti muzilembe, pangani kaye ma bit awiri othandizira. KULI_MMWAMBA ikhale yoona ngati pali pempho pa nsanjika yoposa PANO: nthambi yoyamba PEMPHO_2 ndi PANO yochepera 2, yachiwiri PEMPHO_3 ndi PANO yochepera 3, yachitatu PEMPHO_4 ndi PANO yochepera 4. KULI_PANSI chimodzimodzi mozondoka. Kenako KUKWERA iyake ngati KULI_MMWAMBA ili yoona ndipo KUTSIKA ili yozima, ndipo izime pokhapokha chikepe chitaima komanso KULI_MMWAMBA itatha. Rung la KUKWERA likakhala pamwamba pa la KUTSIKA, mapempho awiri akafika pa scan imodzi kukwera ndi kumene kumapambana, ndipo zimenezo n'zabwino, bola mukudziwa kuti mwasankha nokha. Mawu oti chikepe chitaima musawaiwale. Kolowera kumasintha pa gawo 0 pokha, osati pa gawo 20. Pa mota ya ma phase atatu kubwerera m'mbuyo ndi kusinthanitsa ma phase awiri, choncho ma contactor onse awiri akatseka pamodzi ngakhale kwa kamphindi, ndi short. Ine ndimaikaponso timer yaifupi pakati pa kuzima kwa imodzi ndi kuyaka kwa inzake, kuwonjezera pa interlock (chotchinga choti asatseke onse pamodzi) ya waya ndi yachitsulo imene ili pa ma contactor enieniwo.

Za chitseko sindichedwapo. Timer imodzi ya mtundu wa TON, T4:0, imayamba chitseko chikatseguka, ndipo bit yake ya DN, yoyaka nthawi ikakwana, ndi imene imalola kutseka. Onani time base: preset ya 5 pa 1.0 ndi masekondi asanu, koma 5 yomweyo pa 0.01 ndi kuphethira kwa diso, ndipo chitseko chimangoti tsegu tseku. Sensa yoona munthu pakhomo ikhale pa rung la timer ngati XIO, kuti wina akadutsa timer iyambirenso pa ziro.

Kutchera chinthu chosaoneka

Sikirini ya kompyuta imachedwa kuposa scan, choncho chinthu chochitika kwa scan imodzi simungachione ndi maso ngakhale mutatong'ola bwanji. Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuyendetsa PLC scan imodziimodzi. Mu CODESYS ndi Single Cycle pansi pa Debug. Mumadina, mumayang'ana tebulo, mumalemba m'kope, mumadinanso. N'kotopetsa koma sikunama. Yachiwiri ndi kutchera msampha: onjezani rung lapansi penipeni lokhala ndi zinthu zimene siziyenera kuchitikira pamodzi, monga mota yoyaka ndi chitseko chosatseka, lipite ku OTL ya bit yopanda ntchito ina. Siyani chikepe chiyende, muzidina mabatani mmene mungafunire. Bit ija ikayaka, mwagwira. Mukaika CTU, langizo lowerengera, m'malo mwa OTL mudziwanso kuti zachitika kangati, ndipo mukaikapo MOV yokopera GAWO ndi PANO kumalo ena, mudziwa kuti zinachitikira pati. Misampha iwiri sindiichotsa mpaka ntchito itatha: wa mota ndi chitseko, ndi wa KUKWERA ndi KUTSIKA zoyaka pamodzi.

Posaka vuto yambani ku output kubwerera kumanzere. Mota sikuyaka, pa rung lake langizo losabiriwira ndi liti? Bit imeneyo wakuyatsa ndani? Pitani ku rung limenelo, funsaninso. Kawirikawiri masitepe atatu kapena anayi amakufikitsani pa input kapena pa timer. Ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, muyese, mulembe. Mnyamatayu asanabwere ankasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, vuto likachoka osadziwa chalichotsa, lina likabwera osadziwa chalibweretsa.

Magetsi akathima

Ili ndi gawo limene mabuku a maphunziro amangolikhudza pang'ono, koma kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuthima masana dzuwa likuswa mtengo, ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Pa SLC 500, PLC ya Allen-Bradley imene imalembedwa ndi RSLogix 500, ma bit okhomedwa ndi OTL ndi manambala a mu N7 amasungika magetsi akapita, pomwe a OTE amayamba ali ozima. Ndiye chikepe chimene chinali pa gawo 20 chikukwera chimadzuka chikukumbukira 20 yomweyo, ndipo chikhoza kunyamuka chokha magetsi akangobwera. Choipa china n'choti pamene magetsi kunalibe, amisiri amatha kumasula buleki pamanja n'kusuntha chikepe kuti atulutse anthu pa nsanjika yapafupi. PANO imanena 2, chikepe chili pa 1.

Yesani zimenezi mu simulator: chikepe chili pakati pa nsanjika, chotsani PLC pa RUN, mubwezere, muone chimene chichite. Chothandiza ndi S:1/15, bit imene imayaka pa scan yoyamba yokha. Kwa Siemens ntchito imeneyi imagwiridwa mu OB100. Pa scan yoyambayo fufutani mapempho onse, zimitsani KUKWERA ndi KUTSIKA, ndipo GAWO muiike pa nambala yakeyake, ine ndimaika 5, kutanthauza kuti sindikudziwa pamene ndili. Pa gawo 5 chikepe chimatseka chitseko, chimatsika pang'onopang'ono mpaka swichi ya pansi itavomera, chimalemba 1 mu PANO, ndiye chimayamba kumvera mabatani.

Onjezaninso timer yolondera ulendo. Mota ikayaka kwa nthawi yoposa imene ulendo umatenga popanda kufika, ndiye kuti sensa yafa kapena zingwe zikuterereka pa gudumu, ndipo pulogalamu iyenera kuzimitsa mota n'kukana kuyambanso mpaka munthu atabwera. Muyezo wa ku Europe wa EN 81-20 umafuna chotetezera choterechi pa zikepe za zingwe, ndipo malire ake sapitirira masekondi 45. Mu simulator muyese pochotsa dala zenera la nsanjika imodzi, muone ngati timer yagwira.

Usiku umenewo tinalemba mayeso m'kope lija, mzere uliwonse chodina, choyembekezera, ndi chimene chachitika. Kuchokera pa nsanjika iliyonse kupita pa ina iliyonse, amene ndi maulendo 12 pa nsanjika zinayi. Kudina batani la pamene chikepe chili. Kudina mabatani onse anayi. Kudina la kumbuyo chikuyenda. Kugwira batani osalisiya. Kutchinga chitseko katatu motsatizana. Kuthimitsa pakati pa ulendo. Mukasintha rung ngakhale limodzi, mndandanda wonse muubwereze kuyambira pamwamba, chifukwa chokonza chitseko chimatha kuthyola kolowera.

Chimodzi chimene simulator singakuphunzitseni ndinamuuza akulongedza laputopu. Pa chikepe chonyamula anthu, moyo wa munthu sudalira ladder imene talembayi. Maloko a zitseko za nsanjika zonse, swichi ya chitseko cha chikepe, malire omaliza a kumwamba ndi pansi, swichi ya governor (chida choona ngati chikepe chathamanga mopyola) ndi batani loimitsira la m'dzenje zimamangidwa motsatizana pa waya umodzi, ndipo waya umenewo ndi umene umadyetsa makoyilo a ma contactor ndi buleki. Pamodzi pakatseguka, mota imazima ndipo buleki imagwira ndi masipuling'i ake, PLC ifune isafune. PLC wamba imangouzidwa kudzera pa input kuti idziwe zimene zachitika. Chimodzimodzi Force: mu simulator kakamizani input iliyonse mmene mungafunire, ndi mmene mumaphunzirira. Pa panelo yeniyeni, Force yoiwalika pa swichi ya chitseko ndi yofanana ndi waya wolumphitsa woiwalika pa loko, ndipo ine sinditseka kabati babu la FORCE likuyaka.

Anafunsa ngati angabwere Loweruka linalo kuti tiwonjezere mabatani a panja okhala ndi mivi, wokwera ndi wotsika, kuti chikepe chokwera chisaimire munthu wofuna kutsika. Ndinamuuza abwere ndi kope lomwelo, atalemba kale kuti mapempho atsopano asanu ndi limodziwo aliyense ayatsidwa ndi chiyani ndipo azimitsidwa ndi chiyani.